Amuna anga akukana kuchotsa ng'ala, ati aleka kuona

Aphungu,

Ndithandizeni maganizo. Nkhani iyi ndikauza amayi anzanga akumpingo amangoti "Aleluya," ndikauza ana amangoti "bambo asokonezeka."

Ndakhala pabanja ndi Ba Kapembwa zaka 31. Anali kapitawo wa pansi pa mgodi kuno ku Mufulira, ndipo ukapitawowo ankafika nawo mpaka kunyumba. Sanandimenyepo, koma diso lawo linkapeza cholakwa paliponse: malaya sanasitidwe bwino, mwana wakhala moipa, pabwalo sipanasesedwe. Kutchalitchi ankapita pakakhala maliro basi.

Atapuma ntchito, ng'ala inawagwira maso onse awiri. Chaka choyamba pakhomo panali moto. Ankagenda ndodo, kukalipira mpando umene auomba okha. Ndiye tsiku lina ndikusenda chinangwa pakhonde uku ndikuimba, anandiitana ndi dzina la mwana wathu.

"Bana Nkandu, nyimbo imeneyo mwayamba liti kuimba?"

Ndinati, "Iyi? Ndimaimba chikwatiwireni."

Ndinangoona misozi. Anati, "Ndiye zaka zonsezi ine ndinali kuti?"

Kuchokera tsiku limenelo ndi munthu wina. Anaitanitsa mwana wathu Nkandu, amene anamuthamangitsa pakhomo atatenga pathupi ali pasukulu, nkumupepesa atagwada. Mdzukulu wobadwa pamenepo, mtsikana wa zaka khumi tsopano, amamupapasa kumaso nkumati akufanana ndi ine. Anzawo akumgodi akabwera amawaseka, "Kapitawo, Mulungu wakuzimitsira tochi!" Iwo amayankha, "Wachita bwino, ndinkaunika nayo anthu kumaso."

Vuto ndi ili. Mwezi watha adokotala anatiuza kuti ng'alayo ingachotsedwe, ndipo mwayi woti aonenso ndi waukulu. Iwo akukana. Akuti, "Ndili ndi maso sindinkaona munthu. Mukufuna mundibwezere kumdima kuja?" Mkulu wa mpingo wathu akuti umenewo ndi mtanda wawo, tisawalande. Mwana wathu wamwamuna akuti tingowakweza m'galimoto, akadziwire konko.

Aphungu, ndiulule chimene sindinauzepo munthu: nanenso ndikuopa. Mwamuna wosaonayu ndimamukonda kuposa woona uja. Ndiye ndimadzifunsa, kodi Mulungu amalowera pabala pokha? Nanga balalo likapola, chisomo chimatuluka? Ndingawakakamize bwanji opaleshoni pamene mtima wanga ukunong'ona kuti akhale choncho?

N.C., Mufulira

Mayi N.C.,

Zikomo polankhula zoona. Mantha anuwo si ufiti ayi. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuyenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe, sangasangalale kumva kuti masiku aja angabwerere.

Koma mwafunsa funso labwino, ndiye ndiyankhe mosapsatira. Ng'ala sinalape. Ng'ala sinagwade pamaso pa Nkandu. Anagwada ndi amuna anu. Chimene matendawo anachita ndi kuwakhazika pansi mpaka anamva zimene zinalipo kale. Anthu angati mukuwadziwa amene anadwala nkuipirako mtima? Mavuto paokha sayeretsa munthu. Chimene chinawasintha ndi chisomo, ndipo chisomo sichikhala pakachikopa ka m'diso koti dokotala angachotse ndi kampeni.

Kwa mkulu wa mpingoyo, ndi ulemu wonse, sindikuvomerezana nawo. Yesu amene mumamupembedza, osaona akamufuulira sankati pirirani, mtandawo ukukhalani. Ankawatsegula maso. Mtanda ndi umene wausenza chifukwa palibe njira ina yolungama. Matenda amene ali ndi mankhwala ndi matenda basi.

Choyamba, auzeni amuna anu zimene mwandiuza inezi, muli awiri. Nenani kuti, "Nanenso ndikumuopa kapitawo uja." Panopa aliyense akuopa payekha, chikhalirecho mukuopa munthu mmodzi. Mukamutchula poyera, mudzagwirizana chochita kapitawoyo akadzayamba kusuzumira: mawu amodzi oti inu mukawanena, iwo aime, akhale pansi, atseke maso ngati nkofunika. Kutseka maso akudziwa kale, palibe adzawaletse.

Kenako bwererani nawo kwa adokotala, osati kukachita opaleshoni, koma kuti afunse okha mafunso awo. Funsaninso ngati kuchedwa kungaononge mwayiwo, chifukwa zimenezo adziwa ndi achipatala, osati ine kapena ampingo. Ngati kuli munthu wopemphera amene anachotsedwapo ng'ala, muitaneni adzacheze nawo. Nkandu nayenso alankhule. Mwina iye akufuna bambo ake amuyang'ane ndi maso okoma kamodzi kokha, poti komaliza anamuyang'ana akumuthamangitsa.

Chenjezo langa ndi ili: zowakweza m'galimoto mowanamiza zilekeni. Maso ndi awo, ndipo munthu wonamizidwa amadzuka pabedi la chipatala ali ndi mlandu woti akuimbeni. Akavomera, musayembekeze mngelo. Adzaona fumbi pawindo, tsiku lina adzalankhula mokweza. Musathamangire kunena kuti chisomo chathawa. Dikirani muone chimene achite mawu okwezawo akatha. Akabwera okha nkudzati "ndalakwa," maso ali gwa pa inu, mudzadziwa kuti kusintha kuja kunali kwawo ndithu.

Aphungu