Agona pa Sofawo Si Achimwene Anu

Amayi a mwana,

Mukalowa musakuwe. Bambo agona pa sofawo si achimwene anu, komanso si wakuba. Kuti ndi ndani, inenso sindikudziwa.

Ponyamuka kugombe kuja tinawerengana bwinobwino. Kumpando wakumbuyo kwa minibasi kunali munthu atafunda thaulo kumutu, akuliza mkonono. Amakanika, omwe ankatiyendetsa, anati, “Alamu anu ndi awo, asiyeni, atopa n'kusambira.” Ine sindinakayike, poti mkononowo unali wa kubanja kwanu ndithu. Tafika pano, kuvundukula thaulo, ndangoona ndevu zachilendo. Iwonso andifunsa kuti nyanja yapita kuti. Akuti anabwera ndi anzawo akuntchito pa minibasi yoyera ngati yathuyi. Kenako apempha madzi, alowa m'nyumba n'kugonanso pa sofapo, mpaka pano sakudzutsika.

Ndiye kuti alamu tawasiya. Foni yawo, nsapato ndi buluku zili m'chikwama changa, choncho kumene aliko ali ndi kabudula wosambira yekha. Ndaimba kumalo tinagona kuja, akuti minibasi inayo yanyamukanso anthu ali okwanira. Okwanira bwanji? Apa mutu wanga waima. Tabwerera komweko ndi Amakanika kukafufuza.

Alendowo akadzuka muwapatse tiyi, muwafunse dzina ndi nambala ya akazi awo. Mwina alamu ali pa sofa ya kumeneko. Apongozi akaimba, mungoti mwana wawo akusangalalabe.

Pepani. Paja munati ndiwatenge achimwene anu akapitidweko mphepo, koma zobwera nawo simunanene.

Ine,
Bambo a mwana