Ndawauza Bambo

Novi Sad, 9 Febuluwale

Okondedwa achimwene Miladin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Toronto kumeneko. Pafoni ndimangoti zonse zili bwino chifukwa Amayi amakhala ali chilili pambali panga, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Mukukumbukira pangano lathu lija, loti Bambo asadziwe za khansa ya m'matumbo, tizingowauza kuti ndi zilonda za m'mimba. Ine ndaliphwanya.

Mwezi watha dokotala wawo, mayi Stanojev, anandiitanira pambali. Anati pali kafukufuku wa mankhwala atsopano, tinthu tosaoneka ndi maso timene amatibaya m'magazi, tonyamula malangizo okadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi chotupa. Malo anatsala amodzi. Koma wodwala amayenera kusayina yekha, atauzidwa dzina la matenda ake.

"Ndingosayina ine, adokotala, ndimatha kulemba ngati iwowo," ndinatero.

"Mayi Zorka, mukufuna tonse awiri tikagone kundende?"

Amayi atamva zoti ndikufuna kuwauza Bambo anandigwira mkono mpaka kupweteka. "Ukawauza, wawapha ndiwe."

Ndinawauzabe. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akudulira mpesa, ndipo anamvetsera osandidula mawu mpaka ndinamaliza. Kenaka anapinda mpeni wawo.

"Ndiye nonsenu mumadziwa? Ndi Miladin yemwe?"

"Inde, Ababa."

"Chitsiru m'nyumba muno ndinali ine ndekha, eti? Bweretsa cholemberacho."

Anasayina. Lachinayi zotsatira za magazi zinatuluka, akuti chiwindi chawo chafooka kwambiri moti sangawalowetse m'kafukufuku. Malo aja apatsa munthu wina.

Achimwene, ndili ndi mantha, ndipo ndikudzida. Bambo amene ankatisokosa ndi nkhani za mpira tsiku ndi tsiku tsopano amangokhala pafupi ndi mbaula, kuyang'ana khoma. Amayi sandilankhula, mbale yanga amangoikankhira kumapeto kwa tebulo. Ngati mukufuna kundikalipira, kalipani, koma inu simunalimo m'chipinda cha dokotala muja pamene ankati malo atsala amodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Jasna ndi ana. Amayi akuti musatumizenso mavitamini, adzaza kabati yonse. Bambo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu opita kwa inu. Anati ndikuuzeni kuti sanakwiye nanu, koma ngati mukuganiza zobwera, musadikire Pasaka.

Ine mlongo wanu,
Zorka