Miyala ya Mlatho wa Kwathu

Lundazi, Okutobala 1996

Monire amalume a Saimoni,

Mukukumbukira chaka chija munandibereka powoloka kamtsinje ka kwathu ku Mwase, mabuku anga mutawasenza pamutu? Zakhala zikundibwerera sabata yonseyi.

Kuno tili bwino. Ku khonsolo, kumene ndikugwirabe ntchito, ndalama za chitukuko chaka chino zikukwanira chinthu chimodzi chokha: mlatho wathu kapena denga la msika. Mwambo wake ndi wakuti amene ayamba kuunjika miyala ndi mchenga ndiwo amaganiziridwa. Amayi akwathu sanadikire, atuta miyala chilimwe chonse.

Pamsonkhano wa khonsolo sindinachulukitse mawu, monga mukundidziwira. Ndinangoti, "Tiyeni mukaone mulu wa miyalawo." Wapampando atauona anaseka nati, "A Amock, anthu anuwa agumula phiri?" Avomera mlathowo, tikungodikira simenti.

Mkazi wanga Keziya ndi woyembekezera, ali kumudzi, tsidya lija la kamtsinjeko. Azamba akuti ndi mu Januwale, madzi atadzaza, ndipo chipatala chili tsidya lino. Za mwana tinataya chaka chatha uja sindibwereza.

Mitambo sinayambe, ndiye mtima ukukhalako pansi. Ndikupinda pepalali tsopano. A Malita ogula mtedza, amene akubwera kwanu ku Kasungu, atambasula kale dzanja.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Amock