Mikono Iwiri M'kope Limodzi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi mphamvu, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Nanga kachifuwa ka wamng'onoyo, kamene munati kamabwera kukazizira, kanatha? Mundiuze zoona. Musandibisire poopa kuti ndidandaula, pakuti kudandaulako ndinayamba kale. Kuno tilipo. Alamu anu ali bwino, ana akupita kusukulu. Ine thupi silikuwawa paliponse, koma ndatopa, kutopa kosatha ndi kugona.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni ndimathamanga, inu n'kumangoti eya, eya, zofunika n'kutayika panjira. Pepala mukhoza kuliwerenga kawiri. Nkhani yake ndi ya Bambo ndi kope lawo lija, koma ndiyambe ndi zakuno kuti mumvetse pamene ndaima.

Nyumba ya malamulo ya kuno ikukambirana zoti boma lizilipirira chithandizo cha kuchipatala cha munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, popanda kufunsa khadi la inshuwalansi. Nkhaniyi yalowa paliponse, m'basi, kometetsa, ngakhale pamaliro. Chipatala chathu, monga mukudziwa, n'cholipira, ndiye ife yatigawa pakati. M'kachipinda kathu komwera tiyi, momwe muli mipando isanu ndi ketulo yodontha, anthu asiya kukangana za amene wamaliza shuga.

Namwino wamkulu wa kuwodi ya amayi, amene tonse timangomuti Sisitala, akuti matenda safunsa khadi, ndiye chipatala chifunsirenji. A Kalaliki a ku ofesi akuti chaulere chilibe mwini, msonkho udzakwera, mzere udzafika kumsewu, ndipo Sisitala yemweyo ndiye adzayambe kulira ndi ntchito. Sisitala akuti kulira analira kale, tsiku limene anabweza mayi wapakati pageti. Dalaivala wa ambulansi akuti iye ali mbali iliyonse imene idzamugulire matayala atsopano, poti wakhadi ndi wopanda khadi pamachira amalemera chimodzimodzi, ndipo msana wothyoka ndi wake.

Ine mukundidziwa. Bambo sananditche Nangamawa pachabe. Ndinali mbali ya a Kalaliki, osati chifukwa cha kuuma mtima, koma chifukwa cha mashelefu. Ndakhala pawindo logawira mankhwala zaka khumi ndi zinayi, ndipo zitatu zoyamba ndinali pachipatala cha boma, pamene mawu amene ndinkanena kwambiri anali akuti atha. Kulonjeza munthu chithandizo n'kumupatsa shelefu yopanda kanthu ndinkakuona ngati chipongwe. Bungwe lathu la ogwira ntchito litaitanitsa msonkhano kuti titumize maganizo athu, ndinalemba masamba atatu a mafunso, lililonse ndi nambala yake. Adzaitanitsa mankhwala ndani, adzawasunga pati, magetsi akazima firiji idzatani, akatha pakati pa mwezi wodwala adzapita kuti. Ndinawawerenga kanayi kufuna zolakwika.

Tsopano za kope. Mukukumbukira kuti Mayi atatisiya ndi matenda othamanga magazi aja, ndinalumbira kuti Bambo sadzapita njira yomweyo ine ndikuona. Ndinatumiza makina oyezera bipi, kope lomwe ndinalijambula mizere ndi lula, ndi mapilitsi a miyezi itatu itatu kudzera kwa dalaivala wa basi uja. Inu mwakhala mukunditumizira chithunzi cha tsamba mwezi ukatha, ndipo ndikuthokoza, simunaphonyepo.

Zithunzi za miyezi yapitayi zinandisowetsa mtendere. Lolemba 136, Lachiwiri 181, Lachitatu 134, Lachinayi 179, choncho mpaka pansi pa tsamba. Ndinaganiza kuti mabatire afooka, n'chifukwa chake ndinakuvutitsani kuti mugule ena. Ndinaganiza kuti mwina mapilitsi ndi achinyengo, ndinakafufuza nambala ya katoni imene anachokera. Ndinaonetsa dokotala wathu mmodzi, iye anayang'ana n'kunena kuti mkono umodzi suvina chonchi. Nditabwerera pawindo ndinakulitsa chithunzicho, ndipo ndi pamene ndinaona. Ma 7 ena ali ndi kamzere pakati, ena alibe. Bambo chibadwire sanadulepo 7 wawo pakati. M'kope muja mukulemba anthu awiri.

Lamlungu masana ndinawaimbira. Anandiuza za denga la khitchini, za geti lomwe likulira, za mphaka wa oyandikana nawo. Ndinawasiya amalize, kenako ndinafunsa kuti wina wolemba m'kopeyo ndani. Anayamba kaye kunena za mvula. Kenako anati ndi a Telala.

A Telala omwe aja, Achemwali, a pakhonde la sitolo, amene Bambo amakakhala pabenchi pawo m'mawa uliwonse. Akuti miyezi inayi yapitayo anagwa chafufumimba pamakina awo osokera. Bambo anathamangira kunyumba, natenga makina a bipi, ndipo nambala imene inatuluka inawaopsa onse awiri. Anapita kuchipatala chaching'ono chija, anawalembera pepala, koma mankhwala anali atatha, ndipo mtengo wa kusitolo a Telala sanauthe. Ntchito yawo inachepa, masiku ano amangosoka zigamba ndi mazipi. Pepala la dokotalalo akuti analembapo kumbuyo miyeso ya thalauzi la munthu, linapita ndi mwini thalauzi. Ndiye Bambo anagamula mlandu okha. Tsiku lina amamwa iwo, tsiku lina a Telala. Amene wamwa ndiye amadziyeza n'kulemba.

Ndinakalipa, Achemwali. Chibadwire sindinawakwezerepo mawu Bambo, koma tsiku limenelo ndinakweza mpaka alamu anu anatulutsa ana panja. Ndinati mankhwalawa si fodya wogawana, kumwa modumphadumpha n'kuitana sitiroko, ndipo ndinatchula Mayi, zimene ndikuchita nazo manyazi. Bambo anangondifunsa ngati ndamaliza. Kenako anati makina amene ndinatumizawo ali ndi ulemu kuposa ine, chifukwa sanafunse kuti mkonowo ndi wa yani. Anati sangameze pilitsi m'mawa n'kukakhala pabenchi kuyang'ana mnzawo atagwira mutu. Anati mnzako akapsa ndevu umamuzimira, sufunsa kaye ngati madzi akwanira mawa. Anandifunsanso kuti thalauzi limene ndinavala tsiku loyamba kukoleji anasoka ndani, ndipo analikulitsa ndani kawiri konse nditayamba kunenepa ndi maphunziro. Pomaliza anati adzayamba kumwa tsiku ndi tsiku pokhapokha a Telala nawonso akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo foni yawatentha khutu. Anadula.

Chimene chikundidya ndi ichi. Manambala akuluakulu amene ndakhala ndikuwaopa miyezi yonseyi ndi a a Telala. Manambala a Bambo a masiku amene sanamwe sanalembedwe paliponse. Sindikuwadziwa, inu simukuwadziwa, iwonso sakuwadziwa.

Inu sindikukuimbani mlandu, musamve choncho. Muli ndi ntchito yanu ndi ana, ndipo mapilitsi ankachepa limodzi patsiku monga ndinakuuzani kuti muziona. Bambo anatipusitsa mwaluso. Ine amene ndinaphunzira zimenezi zinanditengera miyezi inayi ndi kamzere ka pa 7.

Mawa lake kuntchito panabwera mayi wina pawindo, wachikulire ngati azakhali, chikwama chake chomanga ndi chingwe. Pepala lake linali ndi mankhwala anayi. Anaweramira pagalasi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti mwa anayiwo, awiri ofunika kwambiri ndi ati. Funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri. Ndimatenga pensulo n'kuchonga awiri, iwo n'kuthokoza, ine n'kuitana wotsatira. Tsiku limenelo pensulo inandilemera. Ndinaona kuti chimene ndinakalipira Bambo ndimachichita ine mwini sabata iliyonse, kungoti ine ndimavala gauni yoyera ndipo ndili ndi setifiketi pakhoma.

Msonkhano unali Lachitatu, m'chipinda chodikirira odwala titakankhira mabenchi kumbali. Ndinaimirira ndi masamba anga atatu. Ndinawerenga tsamba loyamba, koma lachiwiri ndinalipinda. M'malo mwake ndinawauza za madala awiri ndi bokosi limodzi la mapilitsi. Ndinkayesa anthu akhala chete, koma ayi. A Kalaliki anati nkhaniyi ikutsimikiza mawu awo, poti chipatala cha boma ndicho chinalibe mankhwala. Sisitala anati ikutsimikiza ake, poti mankhwala analipo kusitolo, chinasowa ndi mthumba mwa telala. Anakokerana Bambo ngati nsalu pamsika. Dalaivala wa ambulansi uja anati bwanji mdalayo tingomusankha kukhala nduna ya zaumoyo, poti iye yekha ndiye wayamba kale ntchitoyi, ndipo ali ndi kaundula. Anthu anaseka. Ine ndinangokhala pansi.

Nthawi yokweza manja itakwana ndinakweza pamodzi ndi Sisitala. Koma masamba anga atatu ndinaperekabe, ndipo ndinaumirira kuti awaphatikize ku kalata ya bungwe, chifukwa mafunsowo sanathe ayi. Mpaka lero sindikudziwa ngati boma lingakwanitse. Mashelefu opanda kanthu aja ndikuwakumbukirabe. Ndikudziwanso kuti lamuloli likadutsa, zipatala zolipira ngati chathu zikhoza kuchepetsa antchito, ndipo ife obwera kuchokera kumayiko ena ndife timayamba kuona chitseko. A Kalaliki anandikumbutsa zimenezi pakhonde, ndipo chiyambire sakundipatsa moni. Sisitala naye akuti ndine munthu wovuta, wokweza dzanja limodzi lina litagwira mafunso. Ndatopa nazo zonse, Achemwali. Ndinangoona kuti pamene boma lasiya, anthu sasiya kudwala. Amangoyamba kugawana tsiku, lero iwe, mawa ine.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti likudyerani tsiku lathunthu pamzere. Kalata ino ikangofika, mutenge a Telala mupite nawo kuchipatala. Musawatume okha, akabwerera pageti n'kudzanena kuti anapeza kotseka. Muuze dokotala zonse osabisa, kuti akhala akumwa mapilitsi a munthu wina modumpha tsiku kwa miyezi inayi, ndipo mutenge bokosilo akalione. Mupemphe awayeze magazi ndi impso, chifukwa mankhwala oyenera Bambo mwina si oyenera iwo. Pepala limene adzalembe mulijambule musanatuluke pageti, lisanasanduke miyeso ya thalauzi, munditumizire. Ndikaliona, dalaivala wa basi adzabwera ndi mabokosi awiri, ndipo adzatero miyezi itatu iliyonse. Ndakambirana ndi alamu anu. Anangondifunsa kuti ndimadikira chiyani.

Kufikira tsiku limenelo, onse awiri azimwa tsiku ndi tsiku m'bokosi lomwe lilipo. Mwa kuwerenga kwanga mwatsala mapilitsi makumi anayi ndi anayi, okwanira anthu awiri masiku makumi awiri ndi awiri, koma muwerengenso nokha. Mawu awa sindinawauzepo munthu pawindo, ndipo aphunzitsi anga atawamva akhoza kundilanda setifiketi. Ndawalemba, ndawafufuta, ndawalembanso, mukuona pepala lakuda apa. Koma Bambo ndikuwadziwa, zimene ananena sabweza, ndipo masiku awo osalembedwa aja ndikuwaopa kuposa aphunzitsi. N'chifukwa chake ulendo wa kuchipatalawo usachedwe. Mutengenso lula wa ana mudule tsamba la kope pakati, mbali ina Bambo, mbali ina a Telala, aliyense azidziyeza m'mawa uliwonse. A Telala akamva chizungulire kapena miyendo ikatupa, musadikire kalata, imbani.

Ndikudziwa kuti mumsewu wathu uja muli mikono ina. Bambo akadzayamba kuyeza wachitatu, mundiuze msanga, ngakhale sindikudziwa chimene ndidzachite. Mabokosi awiri ndingathe. Msewu wonse sindingathe, ndipo mwina n'chifukwa chake dzanja lija linakwera.

Mupereke moni kwa alamu, ndi kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire mayeso. Moni kwa azakhali, muwauze mafuta opaka msana aja asamawasungire alendo. Moni kwa amalume ndi banja lawo. Kwa a Telala mupereke moni mwaulemu, musawachititse manyazi, muwauze kuti thalauzi lija ndikadali nalo ngakhale silikundikwananso. Alamu anu ndi ana kuno akuti moni nonse.

Mundipepesere kwa Bambo chifukwa cha mawu anga a Lamlungu. Ndidzawaimbira ndekha khutu lawo likazizira. Muwauze kuti funso langa lija ndafunsanso, nanga mawa, ndipo ulendo uno yankho ndili nalo. Mawa ndi tsiku lawo, ndiponso ndi tsiku la a Telala. Mukaime pomwepo ndi kapu ya madzi mpaka muone onse awiri ameza.

Tsalani bwino, Achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Nangamawa