Khadi la Kambalame Lili M'wailesi

Achemwali anga okondedwa,

Ndakulonjerani ndi manja awiri, ngakhale limodzi lagwira cholembera. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno kwa mwana wanga ndili bwino. Maso adokotala awaona, ati ndidikire mwezi wina. Koma mutu wazungulira ngati tayala la njinga, ndipo si mowa ayi.

Mdzukulu wathu Kambalame wakwana zaka zoyamba sukulu. Lolemba amayi ake anapita naye kukalembetsa, koma aphunzitsi aakulu anawabweza. Ati kwabwera lamulo, popanda khadi la katemera mwana salowa m'kalasi. Awapatsa mpaka Lachisanu la sabata yamawa, kupanda apo malo atenga wina. Yunifolomu apongozi anasoka kale, mwana akuivala ngakhale posesa.

Mwana wanga wakwiya. Akuti katemera sakana, koma mwana ndi wake, osati wa boma, ndipo iye sakokedwa ngati mbuzi. Apongozi ati m'kalasi ana amakhala mphuno ndi mphuno, chikuku sichifunsa kuti bambo ako ndani. Onse anatembenukira kwa ine kuti ndigamule. Ndinati onse akunena zoona, kenako ndinapita kuchimbudzi mpaka anamaliza.

Pamapeto apongozi anati palibe chodandaula, mwana anabayidwa zonse, khadi linangotsala kumudzi posamuka. Achemwali, khalani pansi.

Mukukumbukira tsiku lija apongozi anadwala malungo, n'kundituma ine kupita ndi Kambalame kusikelo kukabayitsa wa chikuku? Ndinapitadi. Anamuyeza kulemera, zonse bwinobwino. Titafika pamzere wa jakisoni, mwana wapatsogolo pathu analira ngati akumusenda. Kambalame anandigwira ndevu n'kundiyang'ana. Miyendo yanga inanyamuka yokha. Ndinatola kathonje patebulo la anamwino, panjira n'kumumata pamkono ndi malovu. Kunyumba nonse munandiyamikira, inuyo mpaka kundiphikira tiyi wamkaka. Ndinati ndibwerera naye mwezi wamawa. Mwezi wamawawo wakwanitsa zaka zisanu.

Khadi ndinalipinda kanayi n'kulitsekera kumbuyo kwa wailesi yanga, poti mabatire ankagwedera. Ndiye ngati mwakhala mukumva nkhani bwinobwino zaka zonsezi, thokozani Kambalame.

Tsono chandisowetsa mtendere ndi ichi. Mwana wa nyumba yoyandikana nafe wadwala chikuku, maso psuu, thupi lonse totupa. Kambalame amasewera komweko, ndipo apongozi ati asiyeni, wathu ndi wotetezedwa. Masiku atatu tsopano ndikunamizira kuti maso afikapo, kuti mwanayo azikhala pafupi kumanditsogolera. Dzulo ndinaiwala, n'kutola singano ya apongozi pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Wometa tsitsi wa pakona pano ati akudziwa munthu wa chidindo amene amadzaza makhadi mwaluso. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinafunsa ngati chikuku chimadziwa kuwerenga, wometayo n'kundidula khutu pang'ono.

Za lamulolo ndasokonezeka zedi. Mukundidziwa, ine ndi uja ndinatulukira pawindo la kalasi tsiku lomwe anabwera obaya, inu n'kutsala pamzere mukulira. Kukakamizidwa ndimadana nako kuyambira kalekale. Koma anamwino a kusikelo aja akanaima pakhomo ndi ndodo, bwenzi lero ndikugona tulo. Ndiye ndimati lamulo ndi labwino. Ndikatembenuka ndimati iyayi, nanga wolakwa ndine, wothamangitsidwa sukulu n'kukhala mwana? Athamangitse ine, ngakhale ndinadzithamangitsa ndekha m'kalasi yachinayi. Ndikatembenukanso ndimati, pakanapanda aphunzitsi aakulu ovutawo, bodza langali bwenzi ndikupita nalo kumanda, mwina mwanayo n'kutsogola. Apa ndiye nthabwala zimandithera.

Pempho langa ndi limodzi. Tsegulani wailesi, mutulutse khadilo, mulitumize ndi mkamwini wanu pobwera Lachiwiri. Musalembepo kanthu, libwere ndi mzere wake wopanda kanthuwo, anamwino aone poyambira. M'malo mwake pindani kalata ino, mabatire agwira.

M'mawa uno ndinati ndiyeserere kuulula, ndiyambire kwa wamng'ono. Ndinamufotokozera Kambalame zonse, n'kumupempha kuti asunge chinsinsi mpaka khadi lifike. Anandimvetsera ngati woweruza. Kenako anati kuchipatala apita mawa lomwe, koma ayambe kubayidwa ndi agogo, iye aziona ngati salira. Atatero anathamangira kuchipinda kumene amayi ake akusoka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana anu onse ndi adzukulu, ndiponso kwa azakhali ngati akumvabe. Bedi langa musaikepo matumba, mwina ndifika khadi lisananyamuke.

Ndilekere pano. Makina osokera asiya kulira, ndipo ndikumva apongozi akundiitana ndi ulemu wochuluka kwambiri.

Ndine mlongo wanu,
Wothawa jakisoni, amene wamupeza ndi imvi