Banki Yanga ya ku Sheffield

Sheffield,
12 Novembala 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta ndipo mvula yayamba bwino ku Ntcheu. Kuno tili bwino. Amuna anga a Thompson akadali pa unesi wawo, ndipo mdzukulu wanu Akuzike wakula. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Munafunsa kuti anthu kuno amadalira chiyani. Kale mzinda uno unkadyera zitsulo. Akuluakulu ambiri anakalambira m'mafakitale, ena mpaka makutu anagontha ndi phokoso. Ambiri mwa mafakitalewo anatsekedwa. Masiku ano basi ya m'mawa imadzaza ndi anthu a ku mayunivesite awiri, a m'masitolo ndi a ku zipatala.

Ine ndimatsikira pa chipatala, Bambo. Apa ndiye pagona nkhani.

Paja chaka chatha ndinakuuzani pafoni kuti ndapeza ntchito ya banki. Sindinaname, koma sindinalongosole. Kuno banki ndi mndandandanso wa anthu amene chipatala chimawaitana antchito akaperewera mu wodi. Foni ikalira, ndimapita kukasambitsa odwala, kuwadyetsa ndi kuwasinthira zofunda. Ikapanda kulira, ndimakhala pakhomo. Ndi ganyu wovala yunifolomu. Popeza ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ku banki ku Limbe, inu munamva zanuzanu, ine manyazi anandimanga pakamwa. Nditamva kuti mwakapereka umboni wa ntchito yangayi ku tchalitchi, ndinalira.

Ndikanangokhalabe chete, koma dzulo mlongo wanga Yotamu wandiuza kuti kumapeto kwa mwezi uno akupereka kalata yosiya uphunzitsi. Akuti munamulimbitsa mtima kuti mlongo wake akamulowetsa ku banki ku Sheffield kuno. Ndayesa kumufotokozera, iye wangoseka: "Asisi, musandimane. Inu mwakhuta kale." Mawu anga sakumva, koma anu amva. Chonde muitaneni asanapereke kalatayo. Ali ndi mkazi ndi khanda, ndipo ine ndilibe khomo loti ndimutsegulire. Ndikuopa kwambiri, Bambo.

Ntchitoyi sindikuinyoza. Sabata yatha ndinameta ndevu mkulu wina amene anasungunula zitsulo zaka makumi anayi. Anandigwira dzanja nati, "Ta, love," ndiko kuthokoza kwa kuno. Ku Limbe palibe anandigwirapo dzanja chotero.

Kalatayi ndiijambula ndi foni kuti ifike lero, popeza pakamwa ndalephera kawiri. Mundiperekere moni kwa Amayi, ndipo muwawerengere nokha pang'onopang'ono. Kwa abusa musavutike, ndiwalembera ndekha.

Cholembera chasiliva chija munanditumizira kuti ndizisainira macheke chinafika bwino, ndipo sichigona. Ndimalembera makapu a madzi amene wodwala wamwa. Ndi chomwecho ndalembera kalatayi. Mukandikhululukira, mungondiimbira n'kufunsa ngati inki ikadalimo, ine ndidzamva.

Ndine mwana wanu,
Esnath