Mpango Wakana Kulimba

Lolemba, 3 Malichi
Bambo a ana agonekedwa. Chotupa chili pansi pa ubongo. Akuti n'chaching'ono ngati nyemba, koma n'chimene chawafufumitsa nkhope ndi mimba. Ine zaka zonsezi kunyadira kuti ndi kaphikidwe kanga!

Lachitatu, 5 Malichi
Kuyeza kokhako kwatipweteka. Analowetsa kapaipi mumtsempha wa m'mphechepeche kukatenga magazi pafupi ndi chotupacho. Polowetsapo patupa, pada bii. Kuyenda akulephera. Ndawasambitsa ndekha. Sanabuule ngakhale kamodzi, mwamuna wanga.

Lolemba, 10 Malichi
Opaleshoni yatheka. Adzera m'mphuno, mutu osaung'amba. Malamulo: asamine, asawerame.

Lachinayi, 13 Malichi
Akuti mawa tituluka. Koma mphuno yakumanzere ikudontha timadzi toyera ngati ta pampopi. Dokotala wina wachinyamata wa nsapato zolira akuti: "Ndi chimfine, mayi."

Chimfine? Ine ndachapira anthu zovala zaka makumi awiri. Mpango wa mamina ukauma umalimba gwa. Wa bambowa wauma, koma uli wofewa ngati wochapa kumene. Ndamuuza. Anangomwetulira. "Mayi, zochapa n'zina, zakuno n'zina."

Mtima unandiwawa. Bambo nawo kundinong'oneza, "Usatichititse manyazi." Ndawayankha kuti manyazi anapha lambe.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndakana kulongedza. Ndinaima pakhomo la wodi ndi mipango itatu mpaka anatulukira dokotala wamkulu, mayi amene anachita opaleshoni. Anaigwiragwira mipangoyo, nauza bambo kuti awerame pang'ono. Dontho, dontho. Anatumiza timadzito kukayeza.

Ndi madzi a ku ubongo! Pamene anadzera paja patsala kabowo. Akuti tikanapita kunyumba, matenda akanalowera pomwepo, mwina bambo osapulumuka.

Atsekapo madzulo ano ndi mafuta ochotsa pamimba pawo. Mimba ija yapeza ntchito.

Lachiwiri, 18 Malichi
Mphuno yauma. Masiku anayi osadontha.

M'mawa dokotala wamkulu anabwera ndi ophunzira asanu, wa nsapato zolira ali kumbuyo, nsapato zili chete. Dokotala wamkuluyo anatulutsa mpango wanga umodzi m'thumba la pulasitiki.

"Mayi, tawafotokozerani awa mmene munadziwira."

Ndinapukuta manja pasiketi ngati ndachokera kochapa. Ndisanatsegule pakamwa, ndinamva bambo akuuza wodwala wa bedi linalo, mokweza mpaka wodi yonse kucheuka:

"Ndi akazi anga amenewo."